Faivi Minitsi ya ku Balaka

Senderani kuno nonse, kokerani mikeka yanuyo pafupi, ndipo amene akukazinga chimanga ayambe waphula kaye, chifukwa nkhani iyi sindiibwereza kawiri. Ndi ya tsiku limene ine ndinaimba pansanja ku Balaka, khamu la anthu likundiyang'ana, ng'oma palibe.

Koma kuti muimve bwino, ndiyambire pa ukwati wa mwana wanga wotsiriza. Mwanayu anakwatiwa ku Balaka, kwa anthu a kutchalitchi, ife kuno ku Nsanama tili a kumzikiti. Zimenezo sizinavute. Ine ndinapeka nyimbo ya ukwatiwo, ya likwata, gule wathu wa amayi amene ndavina kuyambira ndili namwali. Ndinaipeka mwezi wathunthu ndikuthyola nandolo, mpaka mbuzi zapakhomo zinailoweza. Tsiku la ukwati, titamanga kale nsalu m'chiuno kuti tilowe m'bwalo, asewere anga, mayi ake a mkamwini wangayo, anabwera akumwetulira ndi mano onse.

"Asewere, mwatopa ndi ulendo, khalani pansi mupume," anatero. "Kuno taitana munthu wa masipika. Za likwatazo mukavinira kwanu."

Ndinamasula nsalu, ndinakhala pansi, ndinadya mpunga wawo. Nyimbo ija ndinabwerera nayo m'mimba, ndipo inakhala momwemo zaka zinayi. Mwana wanga sanaimveko ngakhale mzere umodzi.

Chaka chachinayicho, nyengo ya dzuwa mango asanapse, kunabwera galimoto pamsika wa Nsanama ikulengeza kuti ku Balaka kukhala chikondwerero cha nyimbo, iwo amati fesitivo. Kudzakhala mabandi a mumzinda, makwaya, ndi magule a makolo. Mwini wake wa zonsezi anali bambo wina wamimba, wa mafoni awiri, ina pakhutu ina m'manja. Analemba gulu lathu papepala, ine ndinadinda chala. Anati galimoto idzatitenga m'mamawa, chakudya chidzakhalako, ndipo likwata lidzalowa dzuwa lisanafike paliwombo. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga: ubwere, ndipo apongozi ako usawasiye kunyumba.

Tinali amayi khumi ndi awiri, ndi woimba ng'oma mmodzi, achimwene anga aakulu. Apa mvetserani, inu obadwira pawailesi. Ng'oma siili ngati foni yongodina. Imafuna kuiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo ukaiwamba imalira bwino kanthawi kochepa. Ikazizira imayamba kulira ngati munthu wa chimfine. N'chifukwa chake woimba ng'oma amafunsa funso limodzi lokha: tilowa nthawi yanji? Ukamuuza zoona, zonse zimayenda.

Galimoto ya m'mamawa ija inafika dzuwa litakwera. Inali lole yodzaza mipando yapulasitiki, ndipo ife tinakhala pamwamba pa mipandoyo ngati nkhuku zopita kumsika. Powoloka Shire pa Liwonde aliyense anagwira mnzake, wina akutchula Allah, wina Yesu, achimwene atakumbatira ng'oma yawo ngati khanda.

Titafika pabwalolo, kunja kwa tauni pang'ono, tinapeza akalipentala akukhomerabe nsanja. Pageti alonda anati tionetse matikiti. Tinawauza kuti ndife ovina. Iwo anati ovina amavala kalamba kobiriwira pamkono. Tinafunsa kuti kalambako tikapeza kuti, anati m'kati. Tinaima pamenepo, kulowa osalowa, mpaka mphepo inazula tenti yaikulu n'kuigwetsera pa alendo olemekezeka. Alonda onse anathamangira kumeneko, ife n'kulowa mwaulemu ngati anthu oitanidwa.

M'katimo munali fumbi ndi anthu, mthunzi munalibe. Chimbudzi chinali chimodzi, chopanda chitseko, ndiye munthu umapita ndi mnzako woti akugwirire chitenje. Chakudya chathu chinaliko ndithu, koma papepala. Woimba wotchuka amene nkhope yake anaimata pamitengo yonse kuyambira ku Liwonde, wolengeza ankati ali pa Zalewa, akubwera. Anali pa Zalewa m'mawa, anali pa Zalewa masana. Mayi wina m'gulu lathu anati mwina anamangako nyumba.

Kenako ndinawaona asewere. Ine ndimayesa abwera kudzandionera, koma anatulukira atavala bulauzi yoyera ndi nsalu yofanana ndi amayi ena ambirimbiri. Nawonso kwaya yawo inali papepala lomwelo.

"Asewere, mwabwera nalo fumbi lanu lija?" anandifunsa.

"Tabwera nalo, asewere. Nanga inu mwabwera ndi chiyani?"

"Ife tili ndi kiyibodi," anatero, n'kupita kukakhala pamipando imene ife tinabwera titaikhalira.

Achimwene anapita kwa bambo wa mafoni uja. "Bwana, likwata lilowa nthawi yanji?"

"Faivi minitsi, madala," anayankha, osachotsa foni pakhutu.

Achimwene anathamanga, anatola mapesi kuseri kwa mpanda, anayatsa, n'kuyamba kuwamba ng'oma, akuizunguza, akuigogoda ndi chala kuti amve. Ife tinamanga nsalu, tinaima pamzere. Pansanja panakwera munthu amene sanaimbe chilichonse, ankangoti "wani tu, wani tu," sipika n'kulira tswiii mpaka makanda onse pabwalo analira nawo. Anachita zimenezo nthawi yoti munthu akanapita kuchigayo n'kubwerako. Ng'oma inazizira.

Achimwene anabwererakonso. "Faivi minitsi, madala." Anawambanso. Ulendo uno panakwera alendo olemekezeka aja, atawavundukula mutenti. Woyamba anathokoza wachiwiri, wachiwiri anathokoza woyamba ndi wachitatu, wachitatu anati salankhula zambiri, ndipo ndi amene anatimaliza. Ng'oma inazizira.

Kachitatu tinamanganso nsalu, koma amene anakwera anali anyamata a mathalauzi ofika m'matako, akukuwa pamwamba pa nyimbo yochokera m'makina. Makinawo akadumpha, pakamwa pawo pamapitirirabe popanda mawu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Ine mutu unandiima. Ndinapita kwa mayi wina wa komweko wogulitsa madzi a m'timapepala. "Achemwali, tandithandizani. Kodi faivi minitsi kuno ku Balaka imatalika bwanji?"

Anandiyang'ana ndi chisoni. "Anganga, mwachokera kuti?"

"Ku Nsanama."

"Ndiye mverani. Munthu wa mafoni akakuuzani kuti faivi minitsi, sakunena za nthawi iyayi. Akunena kuti ndisiyeni."

Ndinakawauza achimwene, koma iwo anali atachokera kale kwa bambo uja kachinayi, ndipo anati ulendo uno walumbira, mpaka wachotsa foni pakhutu. Tsoka lake mapesi anali atatha. Moto umene unatsala pabwalo lonse unali wa munthu wokazinga tchipisi, wa nkhuni zikuluzikulu pansi pa chiwaya. Ndinawaletsa. Ndinati achimwene, moto wa mapesi umanyambita, koma wa chiwaya umaluma, ndipo chikopacho chawauka kale katatu. Iwo anati mlongo wanga, ng'omayi ndayamba kuiwamba iwe ukuyamwa. Anaiyandikiza, anaizunguza kamodzi, kawiri, ndipo tinangomva phwaa! Chikopa chinang'ambika pakati penipeni. Wa tchipisi anangoti pepani madala, n'kupitiriza kutakasa mbatata zake.

Achimwene anakhala pansi m'fumbi, ng'oma pamiyendo, ngati munthu amene ali pasiwa. Ine ndinayamba kumasula nsalu. Ndinati basi, nyimboyi ndidzapita nayo kumanda.

Dzuwa litapendeka, wolengeza anaitana kwaya ya asewere. Anakwera bwinobwino, anafola mizere itatu, wa kiyibodi anadina, amayi anatsegula pakamwa, ndipo jenereta inatsokomola kawiri n'kufa. Mafuta anali atatha. Panali zii, kenako bwalo lonse linabangula. Anthu amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse kudikira munthu wa pa Zalewa anayamba kuponya zimene zinali m'manja: makoko a nzimbe, zitsononkho, timapepala ta madzi. Zonsezo zinkagwera kwaya, ndipo kwayayo sikanatha kutsika chifukwa khamu linali litapanikiza pamakwerero.

Bambo wa mafoni anabwera akuthamanga, thukuta kamukamu, mafoni onse awiri ali m'thumba. "Amayi, amayi! Inu simufuna magetsi. Lowani pompano, ndapota nanu!"

"Faivi minitsi," ndinamuyankha.

Anatsala pang'ono kugwada. Kunena zoona ndinkafuna kumusiya apse, koma nditaponya maso kutsogolo ndinamuona mwana wanga ali chiimire pafupi ndi nsanja, khanda kumsana, akuyang'ana uku ndi uku kufunafuna ine. Pambali pa jenereta yakufayo panali chigubu chachikulu chachikasu, mmene munali mafuta, chili chopanda kanthu.

"Achimwene, icho," ndinatero.

"Ine? Imvi zonsezi, ndikaimbe chigubu pamaso pa anthu?"

"Chigubu sichifuna kuwamba. Dzukani, mwana wa mlongo wanu akudikira."

Anandiyang'ana moipa, koma anadzuka. Anachigogoda pamimba, anachigogoda m'mbali, anapeza pamene chimayankha, n'kuchipana ndi mawondo. Amuna ena anatikweza pansanja chakumbali, mmodzimmodzi, ngati matumba a chimanga. Tinaima kutsogolo kwa kwaya, matabwa akugwedera pansi pa mapazi.

Ndinayambitsa. Nyimbo yangayo ndi yosakaniza Chiyao ndi Chichewa. Woyambitsa amanena kuti mwana wanga wapita kwa eni sitima, ku Balaka kodutsa njanji, wapita kumene sadziwa njira ya kuchitsime, asaime pakhomo ngati mlendo. Ovomera amangoyankha mawu awiri: mumupatse mpando. Koma amayi khumi ndi mmodzi amene sanadye tsiku lonse, pabwalo lalikulu chotero, popanda maiki, mawu awo ankathera pamzere woyamba. Makoko a nzimbe anali akubwerabe. Limodzi linandipeza pamphumi.

Ndinabwereza, ndipo ulendo uno yankho linachokera kumbuyo kwanga, lalikulu, la mawu okwera ndi otsika ngati m'tchalitchi. Inali kwaya. Sindinganame kuti anachita pondikonda ine. Munthu akamagendedwa ali chiimire amaona kuti bola kuimba. Koma anavomera, ndipo achimwene atamva zimenezo anachimenya chigubu chija mpaka chinaiwala kuti ndi chigubu. Anthu anasiya kuponya. Amayi a m'khamumo anayamba kuwomba m'manja, ena kumanga nsalu, ndipo fumbi linakwera mpaka alendo olemekezeka anatseka mphuno ndi mipango.

Ndikutembenuka povina ndinawaona asewere pamzere wakutsogolo, milomo atamanga, okhaokha osaimba. Ndinavina chobwerera m'mbuyo mpaka ndinaima pamphuno pawo, n'kuwaimbira m'maso kuti mwana wanga asaime pakhomo ngati mlendo. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anayang'ana mpongozi wawo amene anali akulira ndi kuseka nthawi imodzi, khanda likudumpha kumsana. Kenako anatsegula pakamwa. "Mumupatse mpando." Ndipo mawu ali nawo mayi amene uja, zimenezo sindingawamane.

Tinaibwereza nyimboyo mpaka mawondo anakana, chifukwa ina yoti kwaya ingavomere tinalibe. Titatsika, mwana wanga anandikumbatira. Asewere anabwera akudzikuntha fumbi pabulauzi.

"Nyimboyi ndi yatsopano, asewere?"

"Ili ndi zaka zinayi," ndinatero.

Anawerenga zakazo mumtima, ndipo ndinaona kuti afika pamene ndimafuna. "Ndi yabwino," anatero. "Ikanakhala ndi kiyibodi ikanakoma koposa."

"Ikanazima," ndinawayankha.

Anaseka mpaka anandigwira paphewa, ndipo anatitengera tonse khumi ndi atatu kunyumba kwawo kukadya, pakuti lole yotibweza nayonso inali itasowa.

Mukandifunsa maganizo anga pa mafesitivowa, ine ndimati si oipa. Koma munthu asanaitane anthu aziyamba wakumba zimbudzi, ndipo asamaike mkamwa mwake nthawi imene alibe. Ife kumudzi tikati gule ayamba mithunzi ikatalika, aliyense amaona mthunzi ndi maso ake, palibe wonamiza mnzake.

Bambo wa mafoni uja ndinamva kuti anasiya za nyimbo, pano amakonza mipikisano ya mpira, ndipo akuti tsiku lina matimu anafika anayi, mpira osaoneka. Mayi wa madzi sindinamuonenso, koma ndimamufunira zabwino. Achimwene manja awo ananunkha mafuta masiku atatu. Anapha mbuzi, anakuta ng'oma yawo ndi chikopa chatsopano, ndipo mpaka lero sayatsa moto asanaone ndi maso awo kuti bwalo latseguka. Mukawakumbutsa za chigubu amadzuka n'kuchokapo, ndiye musakayerekeze. Mwana wanga ali ndi ana atatu tsopano, akadali ku Balaka komweko, ndipo amasoka zovala pakhonde la apongozi ake. Asewere anakalamba ngati ine, kwaya anasiyira ena. Chaka chilichonse amabwera kuno kudzatenga nandolo, amagona masiku awiri, ndipo timakangana kuyambira pofika mpaka pokwera basi. Ine likwata ndinasiya kuvina chifukwa cha mawondowa, pano ndimangoyambitsa nditakhala pansi, atsikana n'kumavina.