Dzanja pa Hatchi

Holo ya mpikisano inkanunkha polishi wofiira wa pansi ndi majuzi okhalitsa m'sutikesi. Inali nyengo yozizira, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Sabata yonseyo ndinkanyamuka ku Mufakose utsi wa nkhuni utayala pamadenga, n'kukwera kombi ndi bambo anga, omwe ankasiya benchi yawo yosokera nsapato kuti andiperekeze ku mpikisano wa chesi wa dziko lonse. Ndiwo anandiphunzitsa masewerawo, pa katoni yolembedwa ndi makala. Ankandidikira panja, chipewa chili m'manja.

Tsiku lomaliza ndinakhala moyang'anizana ndi mayi ena a ku Warren Park, a msinkhu wa amayi anga. Wopambana pa awirife ankalowa m'timu yokaimira dziko kunja. M'holomo munkangomveka mawotchi ndi chifuwa cha munthu wina kumbuyo.

Lamulo limati ukakhudza kanthu kako pabolodi, uyendetse komweko. Masewera ali pakati, mayiwo anagwira hatchi yawo n'kuinyamula pang'ono. Kenako anaona zomwe ine ndinali nditaona kale: hatchiyo ikachoka pamenepo, ndiwadyera mfumukazi. Anaibweza, n'kukankha kanthu kena. Woweruza anali pafupi, atatembenukira kwina. Chofunika kwa ine chinali kungoimitsa wotchi ndi kukweza dzanja kuti ndiwaneneze.

Koma kwathu mwana saneneza wamkulu. Ndinayang'ana zala zawo, zong'aluka ndi sopo wochapira ngati za amayi. Ndinalemba papepala zomwe anayendazo, bwinobwino, n'kupitiriza. Patapita ola limodzi ndinagonja. Ndinawapatsa dzanja, lamanzere litagwira chigongono.

"Wasewera bwino, mwanangu," anatero m'Chishona, maso ali pabolodi.

M'kombi ndinawafotokozera bambo monong'ona. Titadutsa njanji, anatembenukira kwa ine.

"Ndiye iwe unatani?"

"Palibe, bambo. Ndi aakulu."

"Aakulu, eti," anatero, n'kupukuta nthunzi pazenera ndi chikhatho. Anayang'ana kunja mpaka tinatsika.

Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku kuti bambo akondwa ndi ulemu wanga, moti asowa chonena. Pano ndili ndi ana anga, ndipo ndikukudziwa kukhala chete kumeneko. Kumabwera ukaona kuti mwana wamvera zonse zomwe unamuphunzitsa pakhomo, ndipo wazimvera pa tsiku limene ukanakonda kuti aiwale.