Tulo timene dona anakumanani

Amayi, lero mu kombi, minibasi ya ku Tafara, mayi wina anagona paphewa langa, ndipo ndinakumbukira inu. Munagonanso choncho tsiku lija mpaka tinapitirira siteji. Nditakudzutsani munati, "Ndisiye mwanangu, kuntchito kwa dona kulibe tulo." Masana munkachapa, usiku munkalera makanda ake. Mukasinza, ankakuwazani madzi kumaso.

Sitiroko itakutengani, dokotala anandifotokozera za naitiriki okusaidi, kampweya kotsegula mitsempha kuti magazi afike mu ubongo. Anati kamagwira ntchito mosiyana munthu akagona ndi akakhala maso. Inu munkangokhala maso basi. Pano dona uja wakalamba, ndipo ana ake andipempha kuti ndizimuyang'anira usiku. Ndavomera, Amayi. Kapu ya madzi ndakonza kale.