Tsiku Limene Ndinabereka Mwana wa Eni Padoko

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinadziwa kuti kukhala mwana womvera kumapweteka nthawi zina kuposa mbama. Tinkakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester, ine ndi amayi anga awiriwiri, m'kanyumba ka lendi kamene mawindo ake ankachita thukuta nyengo yozizira. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo masiku ambiri tinkangodutsana pakhomo, iwo akulowa, ine ndikupita kusukulu.

Chaka chimenecho mutu wanga unadzaza anamgumi. Aphunzitsi anationetsa kanema wa zamoyo za m'nyanja, ndipo nditaona chinyama chachikulu kuposa basi chikuvuuka m'madzi n'kupuma mpweya ngati munthu, basi mtima wanga unapita. Ndinabwereka mabuku onse a anamgumi ku laibulale, ndinajambula anamgumiwo m'makope a masamu mpaka aphunzitsi kundikalipira. Kenako ndinamva kuti sikuti mpaka uwoloke nyanja kuti uwaone. Kugombe la ku Yorkshire, kumapeto kwa nyengo yotentha, amabwera kudzalondola nsomba, ndipo kuli maboti otengera anthu kukawaona.

Ndinawavutitsa amayi mpaka analonjeza. Anasinthana mashifiti ndi mnzawo wa ku Zambia, anagwira Loweruka ndi Lamlungu kangapo, nabuka malo awiri m'boti ndi kachipinda kogona. Kuyambira pamene tinafika ku England tinali tisanapitepo ku holide. Uwu unali ulendo wanga, ndipo amayi eni ake ankautchula choncho: ulendo wa Tawina.

Unawonongekera kutchalitchi, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Amayi ankacheza ndi Anti Mbewe, ndipo nkhani itafika pa ulendowo amayi anati, "Bwanji tipitire limodzi?" Mmalawi aliyense amawadziwa mawu amenewa. Sungadye pamaso pa mnzako osanena kuti tiyeni tidye, ndipo mnzakoyo amadziwa kuyankha kuti zikomo, pitirizani. Koma Anti Mbewe anatembenuka pomwepo n'kuitana amuna awo kuti amve nkhani yabwino.

Banja la a Mbewe linkakhala ku Oadby, pafupi ndi Leicester, m'nyumba ya magalimoto awiri pakhomo. Ankolo Mbewe anali mkulu wa mpingo. Ndiwo anawalandira amayi atangofika kumene kuchokera ku Malawi, anawagoneka m'chipinda chawo chaching'ono, nawalozera kumene anakapeza ntchito yoyamba. Kuchokera pamenepo mawu akuti ayi anawathawa amayi pakamwa nthawi iliyonse akakhala pamaso pa anthu amenewa. Anali ndi ana awiri: Jayden, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, wobadwira konkuno, amene Chichewa ankachimva koma ankayankha m'Chingerezi, ndi khanda lotchedwa Takondwa.

Tinapita pa galimoto yawo yaikulu, ndipo titangokwera ulendo unasintha mwini. Tinkaima pamene Ankolo afuna, tinkadya zimene Anti asankha. Ine ndinapanikizika kumbuyo pakati pa Jayden ndi kampando ka mwana, botolo la mkaka lili m'manja. Sindinadandaule ngakhale pang'ono, chifukwa kutsogoloko kunali namgumi.

M'mawa wa tsiku lokwera boti ndimaukumbukira ngati dzulo. Padoko pankanunkha nsomba ndi dizilo, mbalame za m'nyanja zinkalira ngati zikukangana, ndipo kamphepo kozizira kankalowa m'makutu. Ndinali woyamba pamzere. Anandiveka jekete yoyandamitsa, ndinatsika masitepe onyowa, ndinaponda m'boti n'kumva likugwedezeka pansi pa mapazi anga. Ndinasankha malo kutsogolo, ndinagwira chitsulo cha m'mbali.

Ndipamene woyendetsa boti anaona khanda m'manja mwa Anti. Ananena mwaulemu kuti makanda saloledwa, kuti zinalembedwa poyera pamene anthu amabukira, ndipo sakanatha kusintha. Ankolo, amene anabuka okha malo a banja lawo osawerenga chilichonse, anayamba kukweza mawu. Anati mwanayo ndi wawo, anati Mulungu ateteza, anati akufuna kulankhula ndi bwana. Woyendetsa boti anati bwanayo ndi iyeyo, ndipo boti linyamuka posachedwa.

Munthu mmodzi anayenera kutsala ndi mwana. Ndili m'botimo ndinaona maso a akuluakulu akuyendayenda. Anadutsa bambo wa mwana, amene anali otanganidwa ndi wotchi yawo. Anadutsa mayi wa mwana. Anadutsa Jayden, amene anali atatseka makutu ndi nyimbo ndipo chiyambire ulendo anali asanatchulepo namgumi. Kenako anatsika masitepe aja n'kudzaima pa ine.

Amayi anayesako, ndisawanamizire. Ananena motsitsa mawu kuti atsala ndi iwo. Koma Anti Mbewe anawagwira pamkono.

"Ayi, amake Tawina, inu mwatopa ndi mashifiti, holide ndi yanu iyi. Komanso ine ndikachita chizungulire andigwire ndani? Tawina ndi mtsikana, ayambe kuphunzira. Anamgumi sathawa, adzawaona."

Ndinayang'ana amayi. Ndinkadikira chiganizo chimodzi chokha, choti ulendowu ndi wa mwanayu. Sichinabwere. M'malo mwake anandipatsa diso limene mwana aliyense wa Mmalawi amalidziwa, lonena kuti usandichititse manyazi pagulu. Ndinavula jekete ija, ndinakwera masitepe, ndinawerama. Amayi anatulutsa chitenje m'chikwama nandibereketsa Takondwa, namanga mfundo pachifuwa panga. Anti anandisisita pamutu n'kunena kuti ndine mwana woleredwa bwino.

Ndinaima padokopo kuyang'ana boti likucheperachepera mpaka linasowa. Pamalo anga akutsogolo panakhala Jayden. Takondwa anayamba kulira, ine ndinayamba kuyenda uku ndi uku ndikumugwedeza, misozi yanga ikutsikira m'khosi. Azungu odutsa ankacheuka kuona kamtsikana kobereka mwana pa chitenje, ena akumwetulira ngati aona zachikhalidwe. Ndinamukwiyira mwanayo, ndinamuuza mawu oipa m'Chingerezi. Koma atagona, mutu wake wofunda utatsamira pamsana panga, ndinaona kuti nayenso anangosiyidwa ngati katundu.

Mayi wina wogulitsa tiyi pafupi ndi doko anandiitanira m'kati kuti ndithawe mphepo. Anandipatsa chokoleti chotentha n'kundifunsa kumene kuli amayi anga. Ndinati ali pafupi, abwera pompano, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti za kunyumba sitiuza azungu. Onani mmene zinalili: anandilanda ulendo wanga, ndipo ndine ndemwe ndinkawabisira mlandu.

Boti linabwerera dzuwa litapendeka. Ankolo anatsika akulankhula mokweza ngati ali paguwa. Anamgumi anawaona, ndipo mmodzi anavuuka pafupi kwambiri moti anamva fungo la mpweya wake. Anandiitana kuti ndione pa foni yawo. Munali madzi ogwedezeka, chala chawo chachikulu, ndi mawu awo akufuula aleluya. Anti anasanza ulendo wonse, chimene anaona ndi m'kati mwa ndowa basi. Ndinafunsa Jayden kuti namgumi amaoneka bwanji, iye anangokweza mapewa nati, "It was boring. And it stank," kutanthauza kuti zinali zosasangalatsa ndipo namgumiyo ankanunkha. Anti anamasula mwana wawo pamsana panga n'kundifunsa chifukwa chimene sindinamuveke chipewa.

Mawa lake kunachita mphepo yamphamvu, maboti sanatuluke, ndipo tinabwerera ku Leicester.

Chimene chimandiwiritsa magazi mpaka lero chinachitika Lamlungu lotsatira. Ankolo anaimirira kupereka umboni wa zodabwitsa za Mulungu za m'nyanja, natchula Yona, ndipo pomaliza anati banja lawo linaona kuti ndi bwino kutengako amake Tawina ndi mwana wawo kuti nawonso akapitidweko mphepo. Anthu anaomba m'manja. Amayi anga, amene anagwira Loweruka ndi Lamlungu kuti ulendowo utheke, anaimirira, anapinda mawondo pang'ono, nathokoza.

Kwa masabata angapo ndinkawayankha amayi ndi mawu amodziamodzi. Iwo sanaitchulenso nkhaniyo. Ankangondigulira timphatso tosafunika, ine ndinkatilandira ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira.

Ndinadzawafunsa nditakula, ndili kale pa ntchito yanga ya unamwino, tsiku lina tikusenda anyezi kukhitchini kwawo. Ndinangoti, kodi namgumi uja anali wotani? Anayankha kuti:

"Ine sindinamuone, mwanawe. Ndinakhala kumbuyo kwa boti, maso kumtunda. Anthu akufuula, ine ndimafunafuna chitenje chija."

Mwina ankaganiza kuti mawuwa andifewetsa mtima. Anandikwiyitsa koposa. Ndinawafunsa kuti nanga anakwereranji. Anati akanakana, anthu akanati ndi osayamika.

Amayi anga ndimawakonda, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira kukhala wekha m'dziko la eni, anthu amene anakutsegulira chitseko ali omwewo okhala nawo pa benchi Lamlungu lililonse. Kuyamika n'kwabwino, sindikukana. Koma chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti akuluakulu akafuna kusungirana ulemu, kawirikawiri amatenga cha mwana, makamaka wamkazi, chifukwa ndiye sangakane. Ulemu wotere ine ndimautcha mantha. Pa anthu onse amene anali padoko paja, awiri amene tinkaufunadi ulendowo ndife tinabwerako osaona kanthu.

Mwezi wathawu tinali pa chinkhoswe ku Belgrave, mu Leicester momwemo. Mwana wanga wamkazi, amene anakhala sabata yonse akuyeserera kuvina pagalasi, anangonyamuka kuti alowe m'bwalo pamene mayi wina anamuitana n'kumuikira khanda m'manja, mayiyo n'kumapita kukafupa. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikugwa, ndinaonanso akukhala pansi. Ndinanyamuka, ndinalitenga khandalo, ndinadutsa holo yonse mpaka pa tebulo la azibambo, n'kulikhazika pamiyendo pa bambo wake, amene anali ndi mwendo wa nkhuku m'manja. Anthu ananong'onezana, ndipo amayi anga anaweramitsa mutu ndi manyazi. Pamene ndinkabwerera pampando wanga, mwana wanga anali ali pakati pa bwalo, akuvina.