Matope a mu Mgolo wa Atate

Ketulo ya mdzukulu wanga ikachedwa kuwira, sinditha kukhala pansi. Ndimangozungulira ngati tsiku lija amayi anabereka mlongo wanga kwa Nyachikadza.

Atate anali ndi mgolo wachitsulo umene anaupeza pa sitima ya pamadzi, ndipo tinkatenthetsamo madzi osamba. Tsikulo azakhali ankafuna madzi otentha oti akathowe nawo amayi, amene ankabuula m'nyumba. Ndinasonkhezera bango mpaka utsi kundiliza, koma ndikapisa chala, madziwo anali ofunda chabe. Ndinkathamangira pakhomo, n'kubwerera, n'kupisanso.

"Azakhali, khanda latenga moto wonse!" ndinalira, poti ndinali nditamva kuti latuluka lofiira.

"Choka apa, iwe!"

Azakhaliwo anapendeketsa mgolowo, madzi onse khuthu. Pansi pake panali matope a Shire, olimba gwa, ochindikala ngati chikhatho, chifukwa dzinja lonse tinkangothiramo madzi osautsuka. Anawapala ndi khasu, n'kuthiramo madzi ena. Posakhalitsa anabwata.

Amayi anachira. Lero ndikudziwa kuti tinkaphika dothi, koma mlongo wangayo, ndi imvi zake mbuu, ndimamutchulabe wakuba moto.