Ndinafulasha M'nyumba ya Mafoni Akale

Ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri, mwakachetechete, monga mmene munthu amatulukira m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Palibe anandithamangira. Ndinapeza ntchito yonyamula makatoni ku Brampton, ndipo anthu onse oyenera ndinawauza, kupatula bambo anga ku Dedza, amene anali atalengeza kale kuti mwana wawo akuphunzira zamakompyuta ku Canada.

Bambo ali ndi kafoni kamabatani. Loweruka lililonse, dzuwa likapendeka kumudzi, kuno kuli cha m'ma leveni m'mawa, amandifulasha. Foni imalira kamodzi n'kuduka. Kwathu tanthauzo lake timalidziwa tonse: ndilipo, ndiimbire. Miyezi inayi inatha ndisanaimbe. Ndinkangolemba kauthenga kakuti ndili m'kalasi. Loweruka. Bambo sanafunsepo kuti ndi koleji yanji imeneyi.

Ndinkakhala ndekha m'chipinda chapansi, chimene zenera lake limangoonetsa nsapato za anthu odutsa. Loweruka lina kukuzizira koopsa, nsapatozo zitandikwana, ndinakwera mabasi awiri mpaka ku Etobicoke, kukaona kanyumba kosungiramo mafoni akale. Ndinali nditamva kuti mkati n'motentha. Munthu wophunzira sayenda popanda chifukwa.

Alendo tsikulo ndinali ine ndemwe. Anandilandira ndi bambo wina wachikulire, mzungu, amene moyo wake wonse ankakonza makina amenewa, ndipo tsopano amangowapukuta fumbi. Ananditengera ku shelefu yachitsulo yaitali kuposa ine, yodzaza timakina tooneka ngati zitini zoimika. Patsogolo pake panali mafoni awiri akuda, aja a gudumu la mabowo khumi.

"Mukazungulitsa faifi, gudumu pobwerera limadula magetsi kasanu," iwo anatero. "Kamkono aka kamawerenga. Yesani."

Ndinazungulitsa. Kamkono kachitsulo kanakwera masitepe asanu, thi thi thi, kenako kanapotoloka n'kumagogoda waya ndi waya mpaka kupeza wopanda munthu. Nambala yachiwiri inalandiridwa ndi kamakina kena, pa waya uja. Komaliza kanatenga manambala awiri, ina yokwerera, ina yopotolokera. Msewu unamangidwa ine ndikuona, chidutswa ndi chidutswa. Foni yachiwiri ija inalira.

Italira kamodzi, dzanja langa linabwezera foni pamalo pake. Sindinalitume. Timikono tonse tinagwa nthawi imodzi, khu!

"Mwaduliranji?" anafunsa achikulirewo.

"Ndafulasha."

Ndinawafotokozera mwaulemu wonse, manja kumbuyo, ngati injiniya amene ndikanakhala. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye munthu amange msewu wonsewu, n'kuugumula asanadutsepo?"

"Wodutsa ndi winayo. Iwe umangomuonetsa kuti msewu ulipo."

Anakanda chibwano. Anati pa nthawi yawo akamva timikono tikukwera n'kugwa pompo, ankatenga tochi kukafufuza chomwe chawonongeka. Sankaganiza kuti mwina ndi munthu.

"Nanga winayo akapanda kuimba?"

"Umafulashanso sabata yamawa."

"Mpaka liti?"

Yankho la funso limenelo mwina ku koleji anaphunzitsa nditachoka kale.

Anandiuza kuti ndiimbenso, koma ulendo uno ndidikire. Foni italira, anainyamula. Tinapatsana moni pa waya titaima moyandikana, mapewa kutsala pang'ono kugundana, anthu awiri akuluakulu. Analoza shelefu ija. Timikono tonse tinali phee, kalikonse pamalo pake.

"Phokoso lija anthu amalikonda," anatero pa foniyo. "Koma ntchito yeniyeni ndi iyi, kugwirizira basi, mpaka wina adule."

Tili chomwecho, foni yam'thumba mwanga inanjenjemera kamodzi n'kusiya. Sindinaione n'komwe. Ndikudziwa kuti masiku ano kulibe timikono pakati pa Dedza ndi kuno. Komabe ndinatimva tikugwa.

Ndinapepesa, n'kupita kukhonde kumene amapachika majekete. Panali jekete langa ndi lawo. Ndinaimba.

"A Injiniya!" anatero bambo. "Kalasi yatha msanga lero?"

"Kulibe kalasi, ababa. Koleji ndinasiya. Ndimanyamula makatoni."

Ndinakanikiza foni kukhutu. Ndinkangomva chigayo chikulira chapatali. Ndinadikira kuti adule. Ndinawerenga mabatani a jekete la mzungu lija. Anali sikisi, limodzi losiyana ndi anzake.

"Ndiye panopa uli kuti?"

"Kunyumba yosungiramo mafoni akale."

"Akugulitsa? Kangaka batire lake likutha msanga."

"Sagulitsa, ababa. Amangoonetsa."

"Hmm."

Chigayo chija chinasiya. Ndinamva akukoka chinthu pansi, mpando kapena njerwa.

"Iwe," anatero, "usadule. Ndikhale kaye pansi."

Sindinadule.