Tsiku Limene a Mofanana Anakondera

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Amangowatchula a Mofanana, poti mawu amenewa sachoka pakamwa pawo.

Shopu yawo ndi kachipinda kapansi pa nyumba yosanja, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Muli makompyuta okalamba, makina osindikizira omwe amatafuna mapepala, ndi karauta kophethira pashelefu, komwe kamagawa intaneti. Intanetiyo ndi imodzi, koma oidya ndi ambiri: makasitomala, telala, wometa, komanso eni nyumba kumwamba, omwe anapereka chipindacho pa pangano loti asadzawadule.

Poyamba kunkakhala phokoso tsiku ndi tsiku. Wina akayamba kukopa filimu, anzake ankangoonera kabwalo kakuzungulira pa sikirini. Atatopa ndi kuleretsa ndewu, bambowa anakonza rauta kuti aliyense azilandira gawo lofanana. Wodandaula ankamuyankha osadzutsa n'komwe mutu: "Mofanana, achimwene."

Masana ena otentha kunalowa mayi wochapa zovala, manja akadali otuwa ndi sopo. Mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito kutali, ankapita ku opaleshoni, ndipo ankafuna kuona amayi ake asanalowe. A Mofanana anawalumikiza. Koma nkhope ya mtsikanayo inangouma pa sikirini, pakamwa pali yasa, mawu akudukaduka.

"Akuti chiyani, bambo? Mwana wanga akuti chiyani?"

A Mofanana anasuzumira mu rauta. Wometa ankaonera mpira, telala ankakopa masitayilo, kumwamba filimu inali mkati. Gawo la mayiwo linali lofanana ndi la wina aliyense, koma linkachepa kunyamula nkhope ndi mawu pamodzi.

Anatulutsa mutu pakhomo. "Ometa, tazimitsani kaye mpirawo."

"Ndinu kodi?" anaseka wometa, lumo lili m'manja. "Suja mumati mofanana? Lero mwabatizidwa?"

A Mofanana anabwerera pampando wawo. Anapukuta thukuta m'khosi, n'kuyamba kudula mmodzimmodzi: wometa, telala. Pa eni nyumba chala chinaima kaye. Kenako chinadina.

Nkhope ija inatsitsimuka. "Amayi," anatero mtsikanayo, "mwavalanso bulauzi yanga?"

Mayiwo anaseka, misozi ikutsika.

Posakhalitsa masitepe anayamba kulira. Eni nyumba anaima pakhomo, foni ili m'manja. "Pangano lathu linali lotani?"

A Mofanana anangoloza mayiwo ndi chibwano. Eni nyumba anayang'ana, n'kugwedeza mutu. "Lero ndi awa, mawa ndi ena. Mukamaliza mubwere kumwamba. Makiyi a shopu musawasiye."

A Mofanana sanakhudze chilichonse mpaka namwino atabwera kudzatenga mtsikanayo, sikirini n'kuda. Mayiwo anathokoza kambirimbiri, n'kubwerera ku zochapa zawo.

Pamenepo m'pamene a Mofanana anabwezera aliyense gawo lake, mofanana ngati kale. Mpira unayambanso kufuula kwa wometa. A Mofanana anachotsa makiyi pamsomali, n'kuyamba kukwera masitepe, dzanja lili pabondo.