Bethok Wochapa ndi Mwamuna Wachinayi wa Dona Orabila

Bethok anayamba kuchapa zovala za m'linga la Glenarik ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anachapa mpaka zala zinakana kuwongoka. Kwathu kuno anthu akamasimba za a Dona Orabila, eni linga ndi chigwa chonsechi, amangotchula amuna awo ngati akuwerenga ng'ombe. Bethok ndiye ankawadziwa bwino amunawo, pakuti munthu wokuchapira malaya sungamubisire kanthu.

Woyamba anali nkhalamba yachifuwa. Mfumu ya Asikoti inapereka Orabila kwa iye ali kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu, poti mkazi wolowa m'malo mwa bambo ake sadzisankhira banja, imaloza ndi mfumu. Nkhalambayo inatsokomola zaka zinayi n'kutsikira kulichete. Wachiwiri anali wankhondo, wokongola ndithu. Anapita kukamenyana ndi Angelezi, kunabwera malaya okhaokha, ndipo Bethok anawaviika m'madzi a phulusa masiku atatu magazi osachoka. Wachitatu, ataona kuti mwana wamwamuna sakubwera, anangoti dzidzidzi wakumbukira kuti agogo ake ndi agogo a Dona anali pachibale, mabishopu n'kuthetsa ukwati. Mutu wina umakumbukira pamene wafunira!

Zaka zonsezi Bethok sanamvepo a Dona akudandaula. Ankawaopa ndi kuwasirira pamodzi. Iye mwini anakwatiwa kamodzi kokha, ndi Gilmor woweta nkhosa, amene anafera m'chipale kuphiri n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Mirren.

Kalata yachinayi ya mfumu yowasankhira mwamuna inatchula Bwana Malise wa ku Dunmor. Ameneyu anali atabwerapo kale chaka chapitacho kudzayendera minda ngati yake, ndipo paulendo womwewo anam'gwirira Mirren m'khola la nkhosa. Mimba itaoneka, Malise manyazi analibe. Paphwando lina anaimirira, chikho m'manja, n'kunena kuti, "Mbewu yanga yamera kale ku Glenarik ine ndisanalowemo!" Anthu ake anaseka mpaka kugwira nthiti.

Mwana anabadwa, wamkazi, kutangotsala sabata ndi theka kuti ukwati uchitike. Bethok mtima unali m'mwamba. Malise akangolowa m'linga, Mirren akhala m'manja mwake tsiku lililonse, ndipo ukadandaule kwa yani? Bwanayo anali bwenzi la mfumu, khoswe wa pamkhate sapheka.

M'mawa wina Bethok anakwera ndi nsalu zopinda kuchipinda cha a Dona, n'kugwada.

"Mayi, ndabwera kudzatsazika. Ine ndi Mirren tilowera kumapiri."

"Ndi khanda la masiku asanu, m'chisanu chino? Mutu ukuyenda bwino, Bethok?"

"Nanga titani, mayi? Ngakhale wom'nyamula paubatizo wasowa. Aliyense akuti dzanja likumupweteka."

A Dona anayang'ana pawindo. Kenako anafunsa, "Zoona bwana uja ananena pakamwa pake kuti mwanayo ndi wake?"

"Pagulu, mayi, mafuta a nkhosa akuchucha m'ndevu. Ngakhale Bambo Duthak, wansembe wathu, analipo."

"Chabwino. Kandichapire chovala changa chobiriwira chija."

Chinali chovala chimene anakwatiwira nacho maulendo onse atatu. Bethok anatsika masitepe. Iye wabwera ndi misozi, iwo akuganiza zodzikongoletsera Malise! Anachapa ndithu, koma mwala wa kumtsinje unamva ukali wake tsiku limenelo.

Lamulungu, Mirren anaima kumbuyo kwa tchalitchi ndi khanda lake, anthu atamutalikira ngati wakhate. A Dona analowa atavala chobiriwira chija. Anapitirira mpando wawo osauyang'ana, n'kukafika kwa Mirren, n'kutambasula manja.

"Bwera naye kuno. Mayi wake wa ubatizo ndine."

Anthu onse anatembenuka. Bambo Duthak anayandikira.

"Mayi, mukudziwa chimene mukuchita? Mukam'landira mwanayu potuluka m'madzi, inu ndi bambo ake mukhala pachibale pamaso pa Mulungu. Mpingo sungakumangitseni ukwati."

"Ndiuzeni zina, Bambo. Za chibale mabishopu anandiphunzitsa kale, ndipo ndinamva."

"Nanga mfumu?"

"Mfumu ikakambirane ndi Papa ku Roma, ulendo wake ndi wautali. Yambani, mwana akuzizidwa."

Apo m'pamene Bethok anazindikira. Lamulo lomwe lija amuna analitola pofuna kuwataya, iwo analisunga mumtima zaka zisanu ndi zitatu osauza munthu. Galu wamkota sakandira pachabe. Wansembe anamiza mwana katatu, mwana analira, a Dona anam'landira n'kumutcha Orabila.

Lachinayi Malise anatulukira ndi akavalo makumi anayi ndi oimba zitoliro, nthenga pachipewa. A Dona anamuchingamira pachipata, khanda lili m'manja, wansembe ali pambali.

"Takulandirani, achimwene! Mwabwera kudzaona mwana wathu?"

Wansembe atamufotokozera, Malise anatukwana mpaka akavalo kudzidzimuka. Anafuna kukana kuti mwana si wake, koma akane bwanji, mboni zake zomwe zija zinaseka naye paphwando zili kumbuyo kwake pa akavalo? Anatembenuka, ndipo pachipata chimenecho sanapondeponso. Mfumu inapsa mtima n'kulanda theka la chigwa, mbali ya minda yabwino ya balere. Mwamuna wachisanu sinatumize.

Tsiku limene anthu a mfumu anabwera kudzakhoma zikhomo m'malire atsopano, Bethok anapeza a Dona atakhala pakhonde akusewera ndi khanda lija. Anagwada.

"Mayi, minda yonse ija, chifukwa cha mdzukulu wa wochapa?"

"Dzuka, iwe. Katatu konse anandilowetsa m'tchalitchi muja atandigwira padzanja. Ulendo uno ndinalowa ndi miyendo yanga." Anakweza mwana m'mwamba n'kuyang'ana pamiyendo pawo. "Tam'landira msanga mdzukulu wakoyu, wandinyowetsa."